Kodi Intaneti Idzafika Bwanji M'sukulu za kwa Dambe?

Munthu wochokera ku Lilongwe kulowera ku Mchinji akafika pa Kamwendo n'kupatukira kudzanja lamanja, kutsata msewu wa ku Kasungu, amalowa m'dziko la minda ya fodya, mtedza, soya ndi chimanga. Patsogolo pake pali msika wa Kapiri, ndipo midzi yozungulira pamenepo ndi ya Mfumu Dambe. Sukulu za m'dera limeneli sizisiyana ndi za m'midzi ina ya m'dziko muno. Ana ndi ochuluka kuposa mabuku, ndipo m'makalasi oyambirira si chachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi atayang'anizana ndi ana oposa 100, pamene Unduna wa Maphunziro umafuna kuti asamapitirire 60.

Masiku ano pa misonkhano ya zamaphunziro sipatha ola osamveka mawu akuti intaneti. Alipo anthu amene amalankhula ngati kuti chinthuchi chikangofika, kusowa kwa mabuku ndi kuchepa kwa aphunzitsi zidzatha tsiku lomwelo. Aliponso ena amene amaseka, nanena kuti mwana wophunzirira pansi pa mtengo wa mango akusowa denga, osati kompyuta. Onsewa ali ndi mbali ya choonadi. Koma kholo la kwa Dambe, limene mawa lidzapemphedwa kuumba njerwa kapena kusonkha ndalama ya mlonda chifukwa cha zipangizo zimenezi, liyenera kudziwa bwino chimene chikubwera, njira imene chikudzera, ndiponso ntchito imene chingagwire ndi imene sichingagwire.

Intaneti si nyumba imodzi kapena makina amodzi ayi. Ndi makompyuta miyandamiyanda a m'maiko onse, olumikizana kotero kuti zolembedwa, zithunzi ndi mawu zosungidwa m'kompyuta ya ku London zikhoza kuoneka pa foni ya munthu amene ali pa Kapiri m'kamphindi kochepa. Uthenga wambiri suyenda mumlengalenga monga anthu amaganizira. Umayenda ngati kuwala m'tiulusi ta galasi toonda ngati tsitsi, tomangidwa m'zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja zamchere. Zingwezo zimatulukira kumtunda m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja monga Dar es Salaam ndi Maputo. Popeza dziko la Malawi lilibe doko lakelake, intaneti imabwera monga m'mene amabwerera mafuta a galimoto ndi feteleza: imadutsa m'maiko a eni, ndipo pa chigawo chilichonse cha ulendowo pali wolipiritsa.

Boma la Mchinji lili pa njira imeneyi, pakuti chimodzi mwa zingwe zolumikiza Malawi ndi maiko akunja chimadzera kumeneko polowa m'Zambia. Koma chingwe kudutsa m'boma sindiye kuti chafika pa sukulu. Njanji idafika ku Mchinji m'chaka cha 1980, koma mlimi wa kwa Dambe sadataye ngolo yake, chifukwa mtunda wochokera kumunda kwake kukafika pa siteshoni udali womwewo. Kuchoka pa chingwe, uthenga umakwera pa nsanja za makampani a mafoni monga TNM ndi Airtel, ndipo kuchoka pa nsanja umatsikira pa foni. Kuti ufike pamenepo pafunika nsanja ikhale pafupi, foni ikhale yotha kutsegula masamba a pa intaneti, batire likhale ndi moto, ndiponso mwini foni akhale atagula bandulo. Chimodzi chikasowa, zonse zaima. Kuyambira m'chaka cha 2023 pali njira inanso ya kampani ya Starlink, imene imatsitsa intaneti kuchokera ku masetilaiti kudzera pa kambale koikidwa padenga, osadalira nsanja. Njira imeneyi ikhoza kufika pa sukulu iliyonse, koma kambaleko n'kokwera mtengo, kamalira magetsi, ndiponso kali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi amene thumba la sukulu ya pulayimale ya kumudzi silingakwanitse palokha.

Kalembera wa m'chaka cha 2018, amene adapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, adaonetsanso za katundu wa m'nyumba. M'dziko lonse, pa mabanja 100 aliwonse, mabanja 52 adali ndi foni ya m'manja, 34 adali ndi wailesi, 16 ankatha kupeza intaneti, ndipo 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ambiri mwa iwo a m'mizinda. Mafoni ndi magetsi a dzuwa zawonjezeka kuchokera nthawi imeneyo, koma kusiyana kwa mudzi ndi mzinda kukadalipo.

Omvera achikulire akudziwa kuti aka si koyamba dziko lino kuyesa kuphunzitsa ana kudzera m'makina. Dziko litangolandira ufulu, malo m'sukulu za sekondale adali ochepa kwambiri, ndipo m'chaka cha 1965 boma lidatsegula Malawi Correspondence College kuti ana otsala aziphunzira kudzera m'makalata. Maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi ya MBC. Sukulu imeneyi ndiyo idasintha dzina m'chaka cha 1987 n'kukhala Malawi College of Distance Education, imene anthu amangoti MCDE, ndipo malo ake ophunzirira ndiwo adasanduka sukulu za sekondale zoyendera m'chaka cha 1998. Alipo aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ambiri m'dziko muno amene adadzera njira imeneyi.

Kenaka kudabwera Tikwere. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite ku sukulu ya uphunzitsi. M'chaka cha 2008, ndi thandizo la dziko la America, wailesi ya MBC idayamba kuulutsa Tikwere, phunziro la mphindi 30 la ana a makalasi oyambirira. Sukulu zidalandira mawailesi opukusa ndi dzanja, osalira mabatire ogula.

Luso la pulogalamu imeneyi lidali pa kukhala chete. Mphunzitsi wa pa wailesi ankati akafunsa funso, kapena akalamula kuti ana akhale awiriawiri, ankaleka kulankhula kwa kamphindi. Kamphindi kameneko kadali ka mphunzitsi wa m'kalasi, kuti aloze mwana, alembe chilembo pa bolodi, akonze yankho lolakwa. Kumene mphunzitsi adakonzeka, atawerenga buku lomutsogolera dzulo lake, kalasi inkayenda ngati gule amene ang'oma ndi oyimba amvana. Kumene mphunzitsi adangotsegula wailesi n'kutuluka kukaothera dzuwa, wailesi inkafunsa, n'kudikira, n'kuyamikira yankho limene palibe mwana adalipereka. Wofuna kumvetsa za makompyuta m'sukulu ayambe waganizira kamphindi kameneko.

Chaka cha 2020 chidayesa njira zonsezi pa nthawi imodzi. Pa 23 Malichi sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo sizidatsegulidwe mpaka mwezi wa Sepitembala kwa olemba mayeso ndi mwezi wa Okutobala kwa ena onse. Unduna udaika maphunziro a sekondale pa tsamba la intaneti la MCDE, nugwirizana ndi a TNM kuti ophunzira azitsegula tsambalo osalipira. Chidali chinthu chabwino, koma chidathandiza mwana amene m'nyumba mwawo mudali kale foni yamakono. Kwa ana a pulayimale boma lidabwerera ku wailesi, ndipo maphunziro a Tikwere adamvekanso. Nawonso adangofika m'nyumba zokhala ndi wailesi, ndipo m'nyumbazo mudalibe mphunzitsi woti adzaze kamphindi kaja. Sukulu zitatsegulidwa, atsikana ambiri sadabwerere, ena atatenga pathupi, ena atakwatiwa.

Vuto lenileni lidalipo mliri usanabwere. Kafukufuku amene ofesi ya boma ya National Statistical Office idachita m'zaka za 2019 ndi 2020 adapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankatha kuwerenga nkhani yaifupi n'kuimvetsa, ndipo 13 okha ndiwo ankatha masamu oyambira. Mwana amene sadziwa kuwerenga, ngakhale atatsegulidwira intaneti yonse ya dziko lapansi, ali ngati nkhalamba yopanda mano imene yapatsidwa mtolo wa nzimbe.

N'chifukwa chake chipangizo chimene chayenda mtunda wautali m'sukulu za pulayimale sichidayambe ndi kutsegulira ana masamba a pa intaneti, koma kuwaphunzitsa zilembo ndi manambala. Nkhani yake idayambira pa sukulu ya Biwi mumzinda wa Lilongwe m'chaka cha 2013. Anthu amene adakhazikitsa bungwe la onebillion ku Britain adakonza pulogalamu yolankhula Chichewa yotchedwa Masamu, naiika m'matabuleti. Tabuleti ndi kompyuta yopyapyala, yolingana ndi sileti imene agogo ankalembapo, koma iyi imalankhula, imaonetsa zithunzi, ndipo imadziwa pamene chala chakhudza.

Katswiri wa ku yunivesite ya Nottingham, Nicola Pitchford, adayesa pulogalamuyi pa ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 kwa masabata 8. Anawo adagawidwa m'magulu atatu mwa maere. Gulu loyamba linkagwiritsa ntchito matabuleti okhala ndi masamu kwa pafupifupi theka la ola patsiku. Gulu lachiwiri lidapatsidwa matabuleti omwewo koma opanda pulogalamu ya masamu. Gulu lachitatu lidapitiriza kuphunzira monga mwa nthawi zonse. Pomaliza, ana a gulu loyamba a mu Sitandade 2 ndi 3 adaposa anzawo a magulu awiri enawo, ndipo a mu Sitandade 3 adaonetsa nzeru zomwezo atapatsidwa mayeso a pepala ndi pensulo.

Gulu lachiwiri lija ndilo lofunika kuliyang'anitsitsa. Ana ake adagwira chipangizo chomwecho, nachizolowera chimodzimodzi, koma masamu awo sadafike pa a anzawo. Ndiye kuti chophunzitsa sichidali galasi lowala lija. Chidali phunziro lokonzedwa mwa dongosolo, m'chinenero cha mwanayo, lotsata silabasi ya dziko lake. Dziko la Peru, ku South America, lidaphunzira zimenezi pa mtengo wowawa. Lidagawa makompyuta aang'ono mazana a zikwi kwa ana a sukulu mu ndondomeko yotchedwa One Laptop per Child, koma kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank wofalitsidwa m'chaka cha 2012 adapeza kuti ana adadziwa kugwiritsa ntchito makinawo pamene masamu ndi kuwerenga kwawo sizidasinthe. Lipoti la UNESCO la m'chaka cha 2023 lidakumbutsanso maiko za chitsanzo chomwechi.

Ntchito ya ku Biwi idakula, idafika m'sukulu zina mothandizidwa ndi bungwe la VSO, ndipo kuwerenga kudawonjezedwa pa masamu. M'mwezi wa Sepitembala 2023 boma lidayamba ndondomeko yotchedwa BEFIT m'sukulu 500, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Cholinga chimene adalengeza n'chakuti pofika chaka cha 2029 sukulu zonse za pulayimale za boma, zimene zili pafupifupi 6,000, zikhale zitalandira matabuleti a ana a Sitandade 1 mpaka 4. Sukulu za kwa Dambe zili m'chiwerengero chimenecho.

Pa sukulu yolandira pamaikidwa magalasi a sola padenga ndi kabati yosungiramo matabuleti, m'mene amalandiriranso moto. Ana amagwiritsa ntchito mosinthana, gulu lina likatha kulowa linzake. Mwana amavala zomvera m'makutu, ndipo mphunzitsi wojambulidwa wotchedwa Alefa amamulankhula m'Chichewa. Choyamba amamuyesa ndi timafunso tochepa kuti aone pamene wafika, kenaka amamupatsa phunziro lomuyenera. Akalakwa amamubweza kuti ayesenso, akakhoza amapita naye patsogolo. Ichi ndicho chinthu chimene mphunzitsi wa ana 100 sangathe, ngakhale akhale waluso chotani. M'kalasi imodzi muli mwana amene adaphunzitsidwa kale zilembo ndi mkulu wake, muli wina amene wajomba masabata atatu chifukwa chosoka fodya m'chigafa, muli wamanyazi amene chaka chonse sanakwezepo dzanja. Pa bolodi onsewa amalandira phunziro limodzi pa liwiro limodzi. Pa tabuleti aliyense amayambira pamene ali, ndipo akalakwa palibe womuseka.

Chodabwitsa n'chakuti matabuleti amenewa salira intaneti pophunzitsa. Maphunziro onse ali m'kati mwake, ndipo netiweki imafunika apo ndi apo, potumiza mbiri ya m'mene zipangizo zagwirira ntchito kapena polandira maphunziro okonzedwanso. Kwa sukulu ya kwa Dambe imene netiweki imapezeka pa chulu chimodzi chokha kuseri kwa bwalo la mpira, kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti chipangizo chigwire ntchito kapena chingokhala chokongoletsa ofesi.

Komabe zipangizo zimakalamba. Fumbi la mwezi wa Okutobala limalowa paliponse, denga lodontha silisankha pogwetsera madzi, galasi limasweka, ndipo batire lililonse lili ndi zaka zake. Mabatire ndi magalasi a sola ndi katundu amene mbala zimamufuna, chifukwa msika wake ulipo m'mudzi uliwonse. Zokonzera zonse n'zogula kunja, ndipo pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja udakwera. Nalo thandizo la maiko ena lili ndi malire ake. Bungwe la USAID, limene lidalipira Tikwere ndi ntchito zambiri zophunzitsa ana kuwerenga m'dziko muno, lidatsekedwa ndi boma la America m'chaka cha 2025. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Komiti ya sukulu imene ikulandira matabuleti ichita bwino kufunsa tsiku lomwelo kuti likasweka limodzi akauze yani, ndiponso kuti ndalama ya mabatire atsopano idzachokera m'thumba liti.

Pali chiyeso china chimene sichichokera kwa mbala. Mphunzitsi wamkulu woopa kufunsidwa za katundu wowonongeka amatha kutsekera zipangizo m'kabati kuti alendo akadzabwera adzazipeze zili zatsopano. Mabuku ambiri m'dziko muno adadyedwa ndi chiswe m'makatoni mwa njira yomweyi, ana akuwerenga buku limodzi asanu. Tabuleti yokandikakandika ndi zala za ana ndiyo yagwira ntchito. Chimodzimodzinso, mphunzitsi mmodzi yekha akaphunzitsidwa kasamalidwe kake, tsiku limene wasamutsidwa nzeru zonse zimakwera naye lole ya katundu.

Kunena zoona, intaneti yeniyeni imene yalowa kale pa sukulu ya kumudzi idalowera m'thumba la mphunzitsi. Aphunzitsi okhala ndi mafoni amakono amatumizirana pa WhatsApp mapulani a maphunziro, mafunso a mayeso akale a MANEB ndi makalata ochokera kwa alangizi a zamaphunziro. Mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yopanda labotale akhoza kutsitsa kanema wa pa YouTube woonetsa m'mene mtima umapopera magazi, n'kuonetsa ana timagulutimagulu. Bandulo yake amagula ndi malipiro ake, ndipo palibe amene amamubwezera. Njira imeneyi ili ndi minga yake. Manotsi olakwika amayenda msanga ngati olondola, ndipo mapulogalamu oyankha mafunso monga ChatGPT, imene idatuluka m'chaka cha 2022, amayankha molimba mtima ngakhale pamene asokera. Mphunzitsi wodziwa phunziro lake amagwira cholakwacho. Wosadziwa amachilemba pa bolodi, ana nachikopera m'makope.

Za nyumba zowerengeramo mabuku, dera loyandikana ndi Mchinji lili ndi nkhani imene dziko lonse lapansi lidaimva. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawo, kumene adapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsata zithunzi, nafunsa woyang'anira laibulale matanthauzo a mawu. Ali ndi zaka 14 adamanga makina opanga magetsi ndi zitsulo zotola kudzala ndi njinga ya bambo ake. Intaneti adaidziwa pambuyo pake, m'chaka cha 2007, chaka chimene adakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo adadabwa kuona kuti zimene adavutikira miyezi yambiri zidalipo kale zolembedwa ndi zojambulidwa. Anthu amakonda kutchula kudabwa kwakeko ngati umboni wa mphamvu ya intaneti, ndipo n'zoona. Koma asaiwale kuti chidamufikitsa ku Arusha ndi mashelefu ochepa a mabuku, chitseko chotsegula, ndi munthu wokhala pamenepo woti amufunse.

Bungwe la National Library Service, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1967, lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, ndipo limatumiza mabuku ku sukulu ndi malo ena a kumidzi. Koma buku la pepala limafuna galimoto yolinyamula, limang'ambika, ndipo likhoza kutha usiku umodzi. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu idapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa. Zimene zidali pa intaneti moto sudazikhudze. Malaibulale a sukulu za ukachenjede adaiona kale njira imeneyi: m'chaka cha 2003 adapanga mgwirizano wotchedwa MALICO kuti azilipira pamodzi magazini a akatswiri a pa intaneti, amene laibulale imodzi payokha siingawakwanitse.

Sukulu ya kumudzi siingatsate njira ya yunivesite, koma ilipo ina yoiyenera. M'chaka cha 2001 anthu a ku yunivesite ya Iowa ku America, ataona m'mene intaneti inkavutira m'mayunivesite a ku Nigeria, adaganiza zokopera masamba ofunika m'kabokosi kamodzi n'kukapereka pamanja. Adakatcha eGranary, ndipo dzinali likuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza nkhokwe. Mlimi sapita kumunda nthawi iliyonse akafuna nsima. Amakolola kamodzi, natuta, nasunga pakhomo. Masiku ano timabokosi totere tilipo tamitundumitundu, monga RACHEL ndi pulogalamu ya Kolibri. Kabokosi kolowa m'thumba la jekete kamasunga mabuku, makanema a maphunziro ndi nkhani za mu Wikipedia, ndipo kamazitumiza popanda chingwe ku makompyuta ndi mafoni a m'chipinda chomwecho, osalipira bandulo. Kamalira moto wochepa woti sola yaing'ono ikwanitsa. Kamodzi pa nthawi munthu akhoza kupita nako kumene netiweki ili yamphamvu kukathiramo zatsopano. Bungwe la Centre for Youth and Development la ku Mzuzu, pamodzi ndi la Turing Trust la ku Scotland, laika makompyuta okonzedwanso okhala ndi Kolibri m'sukulu za sekondale, kuyambira m'chigawo cha kumpoto. Nalo bungwe la MACRA m'chaka cha 2024 lidali kumanga zipinda za makompyuta m'sekondale zoyendera za m'maboma osiyanasiyana, mu ntchito yotchedwa Connect a School.

Nkhokwe ikamangidwa, funso limatsala la chimene chili m'katimo. Wikipedia ya Chingerezi idapitirira nkhani 7 miliyoni m'chaka cha 2025, pamene ya Chichewa idali ndi nkhani zongopitirira pang'ono 1,000. Kampani ya Google idawonjeza Chichewa pa makina ake omasulira m'chaka cha 2014, koma aliyense amene adayesapo kumasulira mwambi ndi makinawo akudziwa zimene zimatuluka. Mwana wa Fomu 3 akhoza kulimbana ndi Chingerezi monga adachitira Kamkwamba. Mwana wa Sitandade 2, amene Alefa wangomuphunzitsa kulumikiza maphatikizo, akusowa tinkhani tambiri tosavuta ta m'chinenero chake, tonena za mbuzi, chigayo, mtsinje wa Rusa ndi tsiku la msika, kuti luso limene wapeza lisazilale. Tinkhani totere sitingachokere ku London kapena ku Iowa.

Chiyambi chilipo. National Library Service idasindikiza mabuku a ana otchedwa Werengani, ndipo kuyambira m'chaka cha 2012 idayendera maboma kujambula nthano kuchokera pakamwa pa agogo. Bungwe la Saide la ku Johannesburg lidatsegula tsamba la African Storybook m'chaka cha 2014, pamene pali timabuku ta zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa ndi Chinyanja. Lamulo la tsambalo limalola munthu aliyense kuwerenga, kutsitsa, kusindikiza, kumasulira kapena kulemba kabuku kake, osalipira kanthu.

Apa ndi pamene aphunzitsi a kwa Dambe, ndi ophunzira a pa sukulu yatsopano ya uphunzitsi ya Mchinji, imene idamangidwa pamodzi ndi za ku Rumphi ndi ku Chikwawa, ali ndi mwayi umene anzawo a nthawi ya wailesi adalibe. Wailesi inkalankhula kuchokera ku Blantyre, ndipo sukulu inkangomvera. Tsopano mphunzitsi akhoza kulemba nthano ya masamba khumi madzulo, n'kuitumiza ndi foni pa tsiku limene wapita pa Kapiri. Chinenero chimene walembacho sichithera pa chipata cha Mwami. Kabukuko kakhoza kutsegulidwa ndi mphunzitsi wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Angónia m'dziko la Mozambique, ndipo iye akapeza mawu amene kwawo amawalemba mosiyana, tsambalo limamulola kuwasintha asanasindikizire ana ake.